Kamera, Dzuwa ndi Lumo mu Borom Sarret

Kanema wamfupi afanana ndi ulendo wa tsiku limodzi, umene munthu sasenzera katundu wosafunika. Cifukwa cace wopanga kanema wotere asamala zinthu zitatu: pamene aimika kamera, kumene kucokera kuwala, ndi malumikizidwe a zithunzi atatha kujambula. Citsanzo cokoma ndico Borom Sarret, kanema wa mphindi pafupifupi 20 amene Ousmane Sembène anapanga mu mzinda wa Dakar, ku Senegal, m'caka ca 1963, atabwerako ku Moscow kumene anaphunzira nchitoyi.

Nkhani yace njaifupi. Munthu wosauka woyendetsa ngolo ya kavalo alawira m'mamawa kukafuna cakudya ca banja lace. Anyamula mai wapakati, anyamulanso bambo wopita kumanda ndi mtembo wa khanda lace. Potsiriza bwana wina wobvala bwino amnyengerera kuti amperekeze ku Plateau, dera la olemera kumene ngolo siziloledwa, ndipo kumeneko wapolisi amlanda ngoloyo.

Tsono apa mpamene kamera igwira nchito yoposa mau. Kwao kwa osauka woonera ayenda pamodzi ndi ngolo, naona nkhope za anthu monga munthu aonera mnzace. Koma pofika ku Plateau maso akwezedwa kumwamba, ku nyumba zosanjikizana, ndipo nyimbo ya zeze wa kwao ileka, nilowa ya Azungu. Mendulo ya woyendetsa ngoloyo igwa pansi, wapolisi naiponda ndi nsapato. Kamera ili pansi, iyang'ana wapolisiyo camumwamba, kotero kuti aoneka wamtali ngati mlambe. Palibe amene anena kuti uyu ngwamphamvu, uyo ngwopanda pace. Ngakhale mwana wosadziwa Cifalansa azindikira yekha. Kamera ikadaimikidwa pa msinkhu wa cifuwa, tikadangoona anthu awiri akukangana pamseu.

Za kuwala nzosacuruka. Kanemayu ngwa zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo mbali yaikuru anajambulira panja, nyali yace ndi dzuwa lomwe. Dzuwa ndi nyali yaulere koma yosamvera: likafika paliombo liika mithunzi m'maso mwa munthu, nkhope nisanduka cigaza. Ojambula ambiri akonda la m'mawa kapena la madzulo, limene liwomba cam'mbali. Akakakamizika kujambula masana, abwezera kuwala kunkhope ndi nsaru yoyera.

Cotsala ndi lumo. M'masiku amenewo filimu inali kudulidwa ndi manja nimatidwanso, ndipo pa sekondi iliyonse pankadutsa zithunzi 24. Lero nchito yomweyo icitika pa kompyuta, ngakhale pa foni ya m'manja, koma funso silinasinthe: cithunzi ici citsatane ndi citi, ndipo cikhale nthawi yotani? Mphunzitsi woonetsa ana kanemayu acita bwino kuuimitsa pa nsapato ija, nawafunsa cimene aona cisanabwere cithunzi cotsatira, pakuti ana azolowera kutsata nkhani osaona msoko wace.

Msoko wotsiriza ngwolimba mtima ndithu. Bamboyo abwera kunyumba wopanda ngolo ndi ndalama. Mkazi wace ampatsa mwana, namuuza kuti usiku umenewo adya, naturuka. Sembène adula pomwepo, osamtsata maiyo ndi kamera kuti tione kumene apita.