Zofunika chofunda cha zigamba chisanapite ku makina

Ku United States, anthu ambiri amalumikiza okha zigamba za chofunda, koma ntchito yomaliza amaipereka kwa akatswiri a makina aakulu otchedwa longarm. Makinawa amasokera pamodzi nsalu yapamwamba, thonje la pakati ndi nsalu yapansi.

Zitatuzi zimaperekedwa zosalumikiza, chifukwa katswiri amakunga nsalu ziwirizo pa zitsulo zosiyana. Nsalu yapansi iyenera kuposa yapamwamba ndi masentimita pafupifupi 10 mbali zonse zinayi, kuti zopanira zipeze pogwira. Ikaperewera, makina amagunda zopanirazo ndipo m'mphepete simusokeka bwino.

Misoko iyenera kusitidwa, apo ayi makina amasokerera makwinya amene sachoka popanda kumasula ulusi. Mabatani ndi mikanda zimaikidwa ntchito yonse ikatha, popeza zimathyola singano ndi kung'ambitsa nsalu imene mwini wake anaivutikira miyezi yambiri.