Digiri ya jenda: amaphunzirako chiyani kwenikweni?

Nditauza malume kuti ku yunivesite ndikuphunzira za jenda, anaseka: "Iwe mphwanga, zaka zinayi zonse kuphunzira zoti abambo azitsuka mbale?" Sindinamalize, fizi inavuta ndili chaka chachiwiri, koma ndiwayankhe pano, poti enanu mumafunsa zomwezi pa Facebook.

Jenda si nkhani ya amayi okha ayi. Kubadwa mwamuna kapena mkazi ndi chilengedwe. Jenda ndi zimene makolo, mpingo ndi anthu amayembekezera kwa iwe chifukwa unabadwa choncho.

M'kalasi tinkafunsa mafunso a konkuno. Bwanji mtsikana akatenga mimba amasiya sukulu, wopereka mimbayo n'kumapitiriza? Bwanji bambo womenyedwa ndi mkazi wake amachita manyazi kupita kupolisi? Tinkakambanso za kugonana poyera: kuvomera n'chiyani, kukakamiza kumayambira pati. Tinkawerenga malamulo, monga Gender Equality Act ya 2013, komanso kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017 koletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18.

Ntchito zake n'za m'mabungwe, m'makhonsolo ndi m'boma. Koma limbikirani phunziro la kafukufuku, chifukwa kumeneko amafuna umboni, osati phokoso. Ine ndalama zikapezeka, ndibwerera.