Bilimankhwe Wouza Mlimi Nthaŵi Yothirira

Ife okhala ku Manja, m'tsinde mwa phiri la Soche, tidziŵa kuti madzi a kumpopi ndi odula. Ambiri mwa madzi a mumzinda wa Blantyre amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakankhidwa ndi makina a magetsi kukwera zitunda kufikira kwathu kuno. Komabe m'chilimwe, pothirira mpiru ndi matimati kuseri kwa nyumba, timangothira mopanda muyeso.

Apa ndi pamene pagona vuto. Diso limaona dothi la pamwamba lokha, pamene mizu imamwa pansi. Madzi akachuluka amapitirira mizu, natenga feteleza amene tagula movutikira. Motero mlimi amataya ziŵiri nthaŵi imodzi: madzi ndi chakudya cha mbewu.

Katswiri wina wa ku Australia, Richard Stirzaker, anapanga kachipangizo kotchedwa Chameleon, ndiye kuti bilimankhwe. Timitu take timakwiriridwa pa malo atatu osiyana kuya, pamene pali mizu, ndipo nyali zake zimasintha mtundu. Ikayaka ya buluu, nthaka yakhuta madzi; yobiriŵira, chinyezi chilipo chokwanira; yofiira, mbewu zili ndi ludzu. Ngakhale amene sanapite kusukulu angathe kuŵerenga mitunduyi. Akatswiri a malo ofufuzira zaulimi a Kasinthula ku Chikwawa anakayesa pamodzi ndi alimi a m'minda yothirira, ndipo ambiri anazindikira kuti ankathirira kaŵirikaŵiri koposa mmene mbewu zifunira.

Palinso zipangizo zina zimene zimalumikizidwa ku mpopi. Nthaka ikauma zimatsegula zokha madzi odontha pa tsinde la mbewu, ikanyowa zimatseka, zina n'kutumiza uthenga pa foni ya mwini munda.

Si banja lililonse lingathe kugula zimenezi, koma phunziro lake n'laulere. Makolo, tisanatenge kheni tiyambe takumba pang'ono pafupi ndi mbewu, ndi kufumbata dothi la pansi. Likaumbika osamwazika, tidikire maŵa. Tithirire m'maŵa kapena madzulo, ndi kuphimbira mabedi ndi udzu.

Ndipo inu achinyamata ophunzira sayansi, dimba la amayi likhale sukulu yanu yoyamba. Lembani tsiku lililonse makheni amene mwathira, nimuone mmene mbewu zikulira. Nyengo ya dzuŵa isanathe, banja lonse lidzadziŵa muyeso woyenera dimba lake.