Ma earbuds athima? Yambani mwaona kabokosi

Dzulo ma earbuds anga anathima ndili m'minibasi, chonsecho anagona m'kabokosi kake usiku wonse. Vuto? Kabokosiko nako kanalibe moto.

Earbud iliyonse ili ndi batire ya lithium-ion yaing'ono zedi, nthawi zambiri yosafika 100 mAh, pomwe mafoni ambiri ali ndi ya 5000 mAh. Kabokosi kali ndi batire yakeyake, ndipo ndiyo imatchaja ma earbuds. Ikatha, basi, palibe chimalowa.

Ndiye ophunzira, lowani pa Bluetooth mufoni: mafoni ambiri amaonetsa maperesenti otsala. Kanyali ka pakabokosi kakafiira, tchajani magetsi asanazime. Tsitsani voliyumu, chifukwa phokoso lalikulu limadya moto wambiri. Komanso musawasiye padzuwa: kutentha kumakalambitsa batire msanga, ndipo sibwereranso mwakale.