Dzenje la Pamsewu ndi Pangano la Inshuwalansi

Mvula ikayamba kugwa m'mwezi wa November kapena December, pamene mlimi akweza maso kumwamba ndi chiyamiko, woyendetsa galimoto ayenera kutsitsa ake pansi, pakuti akulu ananena kuti walira mvula walira matope, ndipo matope a masiku ano ndiwo maenje amene amatseguka m'misewu yathu ya tara. Dzenje limayamba ndi kamng'alu kosaoneka bwino, mmene madzi amalowa nafewetsa dothi ndi miyala imene inatsenderedwa pansi, kufikira kuti galimoto zolemera zikapondapo tsiku ndi tsiku, tara amene alibenso chomuchirikiza amaphwanyika, ndipo chimene dzulo chinali kamng'alu lero chimameza tayala. Amene amayenda mumsewu wa M1, umene umachokera ku Karonga kudzera ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre mpaka ku Nsanje, akuzidziwa izi. Ndipo a kum'mwera sadzaiwala mmene namondwe wa Freddy anasiyira misewu m'mwezi wa March chaka cha 2023.

Tayala likagwera m'dzenje galimoto ili pa liwiro, mphira imapanikizika pakati pa mlomo wa dzenje ndi chitsulo cha rimu, ndipo ulusi wolimbitsa m'mbali mwa tayala umaduka. Nthawi zina tayala limaphulika pomwepo. Koma choopsa kwambiri ndi pamene lingotuluka chotupa m'mbali, mwini wake n'kumapitiriza ulendo poganiza kuti wapulumuka, chonsecho tayala lotere silimatika ndipo lingathe kuphulika tsiku lililonse, banja lonse lili m'galimoto. Rimu ya chitsulo imapindika, ndipo amisiri amatha kuiwongola. Koma rimu zopepuka zija zonyezimira nthawi zambiri zimang'aluka, ndipo ine sindingalangize munthu kuti aike moyo wake pa rimu yowotcherera. Nkhonya ya dzenje imafikanso m'kati, ku mashoko ndi ku zitsulo zolumikiza gudumu ndi chiwongolero. Chotero galimoto ikayamba kukokera mbali imodzi, chiwongolero chikamanjenjemera, kapena tayala likamatha mbali imodzi yokha, pitani kwa makaniko msanga. Tayala lopopedwa mokwanira limapirira kuposa lofewa, ndipo ngati dzenje simungathe kulizemba, chepetsani liwiro musanalifike, koma musalilowe mutapondereza mabuleki, chifukwa kutero kumaunjika kulemera konse pa magudumu a kutsogolo.

Tsono tifike pamene pagona nkhani. Lamulo la pamsewu m'dziko muno limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi, koma imene lamulo limafuna ndi ija imatchedwa third party, imene ntchito yake ndi kupepesa anthu ena amene inu mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Galimoto yanu siiwerengedwamo. Munthu amene ali ndi inshuwalansi imeneyi yokha, akathyola rimu m'dzenje, asataye nthawi kukagogoda ku kampani, pakuti chimene sanafese sangachikolole. Amene angayembekeze thandizo ndi iye amene analipira comprehensive, imene imateteza ndi galimoto ya mwini yomwe. Komabe ngakhale iyeyo awerenge pangano lake mofatsa, chifukwa m'mapangano ambiri otere munalembedwa kuti kuonongeka kwa matayala okha, kaya ndi kubooka, kuchekeka kapena kuphulika, sikulipiridwa pokhapokha ngati mbali zina za galimoto zaonongeka pa ngozi yomweyo. Kampani imalipira tsoka la mwadzidzidzi, osati kutha kwa zinthu chifukwa cha ukalamba. Chotero mashoko amene anali atafooka kale, kapena tayala limene mizere yake inafufutika, a kampani adzakuuzani kuti dzenje langomaliza chimene nthawi inayamba. Ngakhale atavomera kugula tayala latsopano, angathe kukupemphani kuti muonjezerepo, popeza lakale lija munali mutaligwiritsa kale ntchito.

Palinso ndalama imene amaitcha excess, ndiyo gawo loyamba la mtengo wokonzera limene mwini galimoto amalipira yekha pa dandaulo lililonse. Ndipo makampani ambiri amachotsera mtengo munthu amene watha chaka osapempha malipiro, mwayi umene ungathe kutayika mukangodandaula kamodzi. Chifukwa chake munthu wanzeru amayamba wakhala pansi nawerengera: ngati kukonza kuli kotsika kuposa excess, kapena kukungoipitirira pang'ono, kuli bwino kulipira m'thumba, koma ngati rimu, tayala ndi zitsulo za m'kati zonse zapita, pamenepo inshuwalansi ndiyo nthawi yake. Zonsezi ziyenera kufunsidwa tsiku logula inshuwalansi, kwa wogulitsa kapena kwa mkhalapakati wanu, chifukwa safunsa anadya phula.

Mukasankha kudandaula, dziwani kuti mlandu wanu udzaima kapena kugwa ndi umboni wa ola loyamba. Imitsani galimoto pamalo posaopsa, jambulani dzenjelo ndi foni, mutaika chinthu pambali pake choonetsa kukula kwake, jambulaninso gudumu, nambala ya galimoto ndi chizindikiro chilichonse chodziwitsa malowo, ndipo ngati pali amene anaona, lembani dzina lake. Dziwitsani kampani mwamsanga, pakuti pangano limaika malire a masiku, ndipo funsani ngati afuna lipoti la apolisi, limene kawirikawiri amalifuna pamodzi ndi laisensi yanu ndi mitengo yochokera ku magalaja. Koposa zonse, musakonzetse galimoto, ndiponso musataye tayala kapena rimu yoonongekayo, woyesa wa kampani asanaione. Ambiri amataya malipiro awo chifukwa cha changu chimenechi. Ndipo nenani zoona zokhazokha, osaphatikizapo zilema zakale za galimoto, chifukwa bodza limodzi lingathe kugwetsa dandaulo lonse. Kampani ikakukanani, pemphani kuti ikulembereni chifukwa chake. Ndipo ngati simukukhutira, khomo la Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi, limalandira madandaulo a anthu otere.

Koma mtima wanga sukhazikika ndikaganiza kuti woyendetsa galimoto ameneyu analipira kale msewuwo. Pa lita iliyonse ya mafuta pali msonkho wa misewu umene umapita ku Roads Fund Administration, ndipo amene amadutsa pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke amalipiranso. Bungwe la Roads Authority ndilo limasamala misewu ikuluikulu, pamene ya m'mizinda yambiri ili m'manja mwa makhonsolo. Sichilungamo kuti iye amene wapereka zake mokhulupirika asenzenso yekha mtolo wa dzenje limene lakhala poyera miyezi yambiri. Kufuna chipukutamisozi kwa eni msewu ndi njira ya kukhoti, yofuna loya ndi umboni wakuti iwo anadziwa za dzenjelo nanyalanyaza. N'chifukwa chake ndikupempha kuti zithunzi zomwe mwajambulira kampani muzitumizenso, ndi kalata yokhala ndi tsiku, ku khonsolo kapena ku Roads Authority, ndipo musunge kope lake.