Laibulale isamadzipangire malamulo akeake

Chaka cha 2024 chinawapatsa ntchito yatsopano anthu osamalira malaibulale a mapulogalamu. Muyezo wa POSIX, womwe unayamba mu 1988, unatuluka wokonzedwanso, ndipo chaka chomwecho chilankhulo cha C chinalandira muyezo wake watsopano wotchedwa C23. Zikatere, osamalira malaibulale amakhala pansi n'kuyamba kuyerekeza zomwe analemba ndi zomwe buku likunena, mzere ndi mzere. Pakati pa tizigawo tambirimbiri tofunika kuunika pali kena kakang'ono kotchedwa system(), komwe ntchito yake ndi kutenga lamulo lolembedwa n'kulipereka kwa pulogalamu yomasulira malamulo yotchedwa shell kuti ilichite. Kamaoneka kopanda vuto, koma kamautsa mkangano wakale: kodi laibulale izitsata muyezo ngakhale pamene muyezowo ukuoneka ngati ukumuzunza wogwiritsa ntchito kompyuta? Yankho langa ndi lakuti inde, iziutsata wonse, ndipo mzinda wa Sheffield kumpoto kwa England uli ndi mbiri yotithandiza kuona chifukwa chake.

Muyezo wa C, kuyambira woyamba wa 1989, umanena zochepa pa kachigawoka. Ukakapatsa lamulo, kazilipereka. Ukakapatsa NULL m'malo mwa lamulo, kaziyankha ngati shell ilipo kapena palibe. Zambiri zili mu POSIX. Shell ikalephera kudzuka, yankho lizioneka ngati ntchito yatha ndi nambala 127. Pomwe pulogalamu ikudikira kuti lamulo lithe, izigontha m'kutu ku zizindikiro ziwiri zochokera pa kiyibodi, SIGINT ndi SIGQUIT, komanso iziyamba yaimika SIGCHLD. Pa kugontha m'kutu kumeneku ndi pomwe pagona nkhani.

Tiyerekeze wophunzira wochokera ku Malawi pa imodzi mwa mayunivesite awiri a mu Sheffield. Ndi usiku wa m'nyengo yozizira, kunja kunada kale masana, ndipo iye ali yekha m'chipinda cha makompyuta, jekete lili pampando. Walemba pulogalamu yaifupi ya C yotenga zithunzi za kafukufuku wake chimodzichimodzi n'kuzichepetsa, ndipo pa chithunzi chilichonse pulogalamuyo imaitana system(). Wangoidzutsa, waona kuti waloza foda yolakwika, momwe muli zithunzi zoyambirira zomwe alibe pena pomwe anazisunga. Chala chithamangira pa Ctrl ndi C. Sikirini ionetsa kachizindikiro kosonyeza kuti batani lamveka, koma mzere wotsatira utulukabe ndi dzina la chithunzi china. Adinanso, chithunzi chinanso chiyamba. Adina mofulumira ngati akugogoda pakhomo la munthu wogona, mayina a mafayilo n'kumangotsika. Batanilo silinafe. Kudina kulikonse kukupha lamulo limodzi lomwe likuyenda nthawi imeneyo, koma pulogalamu yaikulu, yomwe laibulale yaitseka makutu, ikungoona kuti lamulo latha n'kutumiza lotsatira. Wophunzirayo apulumuka pokhapokha atatsegula windo ina n'kuipha pulogalamuyo kuchokera kumeneko.

Aliyense amene izi zamuchitikira amafika pa ganizo limodzi, lakuti laibulale ndi yolakwa ndipo ikonzedwe kuti Ctrl ndi C ziziimitsa zonse. Ganizoli si lopusa, ndipo wolemba laibulale yatsopano amakopeka nalo. Koma lamulolo linaikidwa pa chifukwa. Chizindikiro cha pa kiyibodi chimapita kwa mapulogalamu onse omwe ali kutsogolo pa nthawiyo, kholo lomwe laitana system() ndi mwana yemwe ladzutsa. Tsono ganizirani pulogalamu ya makalata yomwe yatsegula pulogalamu ina yolembera kudzera mu system(). Wolembayo akadina Ctrl ndi C, akungofuna kuletsa kanthu kamodzi mkati mwa cholemberacho, ndipo cholemberacho chimadziwa chochita nacho chizindikirocho. Kholo likanafa pamenepo, kalata yonse ikanatayika, ndipo mwana wamasiyeyo akanayamba kulimbirana kiyibodi ndi shell yomwe yabwerera kutsogolo. Kuimika SIGCHLD nakonso kuli ndi ntchito: kumaletsa gawo lina la pulogalamu kulanda yankho la mwanayo system() isanalilandire. Ndipo muyezo sunamusiye pamtetete wophunzira uja. Yankho lomwe system() imabweza limanena ngati lamulo linaphedwa ndi SIGINT, chizindikiro cha Ctrl ndi C, ndipo mizere iwiri kapena itatu yofunsa zimenezo ndi yokwanira kuimitsa ntchito yonse. Cholakwa chinali cha pulogalamu yosawerenga yankho. Laibulale ikati imuchitire chifundo mmodziyu, iwononga mapulogalamu ena onse omwe analembedwa modalira khalidwe lolembedwa m'buku.

Sheffield inaphunzira kalekale kuti katundu wa mmisiri waluso amayenda kutali pokhapokha wogula asakufunika kumudziwa mmisiriyo. Kuyambira 1773 mzindawu uli ndi ofesi yoyesa siliva, yomwe imadinda chidindo pa katundu wokwana muyezo. Chidindo cha mzindawu chinali chisoti chachifumu, kenako mu 1975 chinasintha kukhala duwa la rozi. Nambala 925 pa supuni imatanthauza chinthu chimodzi, kaya yagulidwa ku London kapena ku Blantyre. Wosula yemwe wapeza kuti kusakaniza kwina kumalimbitsa supuni akhoza kukhala wolondola, koma sangadindepo 925. Dzina lakuti system() ndi chidindo chotero. Wolemba laibulale ali ndi ufulu wonse wopanga kachigawo kabwino koposa, komvera Ctrl ndi C mmene iye akufunira, bola akapatse dzina lina.

Otsutsa ali ndi funso lolemera kuposa limenelo: nanga muyezo weniweniwo ukakhala wolakwa? Zimachitika, ndipo system() yomweyi ndi umboni. Kwa zaka zambiri buku linkati lamulo liziperekedwa kwa shell pambuyo pa -c basi. Zotsatira zake zinali zakuti lamulo loyamba ndi kamzere, shell inkalitenga ngati malangizo opita kwa iyo yokha, n'kudandaula kuti sinapatsidwe chochita. Muyezo wa C sunanenepo kuti malamulo oyamba ndi kamzere ndi oletsedwa, choncho apa panali mng'alu weniweni. Koma taonani mmene unamatidwira. Nkhani inapita kwa osunga muyezo, anaikambirana poyera, ndipo POSIX ya 2024 inaika timizere tiwiri pakati pa -c ndi lamulolo, touza shell kuti malangizo athera pamenepo. Wina anganene kuti palibe munthu wanzeru wopatsa pulogalamu yake dzina loyamba ndi kamzere, ndiye kuvutikiranji. Koma malamulo ambiri opita ku system() salembedwa ndi munthu. Amalumikizidwa ndi pulogalamu kuchokera ku mayina a mafayilo ndi zolemba za anthu ena, ndipo pulogalamu sidziwa manyazi. Kukonza kotere kukachitikira m'buku, malaibulale onse amasuntha limodzi. Kukachitikira m'laibulale imodzi mwakachetechete, pulogalamu imayenda pa kompyuta ino n'kugwa pa inayo, mwini wake osadziwa pofufuza.

Palinso ena amene amati ntchito yonseyi ndi kutaya nthawi, chifukwa system() ndi yoopsa ndipo iyenera kungosiyidwa. Pa kuopsako akunena zoona. Pulogalamu ikalumikiza dzina la fayilo lochokera kwa mlendo ku lamulo lake mosasefa, mlendoyo akhoza kubisamo lamulo lakelake, ndipo timizere tiwiri tija sititeteza ku zimenezo. Mu September 2014, vuto lotchedwa Shellshock litadziwika mu shell yotchedwa bash, patapita zaka zoposa 20 lili momwemo, mapulogalamu a pa intaneti odzutsa shell imeneyo anapezeka ali pambalambanda. Wolemba pulogalamu yatsopano amachita bwino kudzutsa pulogalamu inayo mwachindunji, osadutsira mu shell. Koma uphungu umenewu sufafaniza mapulogalamu akale omwe akuyendetsa makina m'mafakitale a m'chigwa cha mtsinje wa Don ku Sheffield, kapena maseva a m'maofesi a ku Lilongwe. Adzapitiriza kuitana system() kwa zaka zambiri, ndipo chida choopsa chimaopsa kawiri ngati khalidwe lake likusintha malinga ndi laibulale yomwe wachipezamo.

Mwina pomwe khalidwe la wolemba laibulale limaonekera bwino ndi pa funso laling'ono lija la NULL. Malaibulale ena amangoyankha kuti shell ilipo osayang'ana n'komwe. Laibulale ya glibc imayesa kudzutsa shell ndi lamulo lopanda ntchito kuti ione ngati iyankhe. Ya tizipangizo ting'onoting'ono topanda shell iyenera kunena poyera kuti palibe, ndipo yankho limenelo silichititsa manyazi, chifukwa muyezo wa C umalilola. Chosaloledwa ndi kunamizira.

Funso lomweli limayankhidwa mosiyana m'zipangizo zomwe timagwira tsiku ndi tsiku. Pa Windows, system() imapereka lamulo kwa cmd.exe, pa Linux, kwa /bin/sh, ndipo pa foni za Android, zomwe zadzaza m'matumba kuyambira ku Limbe mpaka ku Mzuzu, shell imakhala pa /system/bin/sh. Wolemba pulogalamu safunika kuloweza malo onsewa, chifukwa laibulale inamulonjeza kuti idziwa yokha. Amene akusamalira laibulale, yaikulu kapena ya m'kalasi chabe, atsegule buku la 2024, ayese NULL, ayese 127, ayese lamulo loyamba ndi kamzere, ndipo pomwe sakugwirizana ndi bukulo akadandaule kwa osunga muyezo m'malo mosintha yekha.