Makina Akamafa Asanadzuke

Kabokosi kopereka intaneti m'nyumba kapena mu ofesi, kamene ambiri amakatcha rauta, kali ndi kompyuta yaing'ono m'kati mwake. Magetsi akangoyatsidwa, kompyutayo sidziwa kanthu. Choyamba kudzuka ndi pulogalamu yaifupi yotchedwa bootloader, imene ntchito yake ndi kukonza memory, ndiko kuti nkhokwe yosungiramo zimene makina akugwiritsa ntchito, kenaka kuitana pulogalamu yaikulu, kawirikawiri Linux, ndi kuisiyira makina onse. Imodzi mwa zotchuka ndi U-Boot, imene Wolfgang Denk wa ku Germany anaitulutsa mu 2000 ndi dzina la PPCBoot, ndipo inalandira dzina la U-Boot mu 2002.

Nthawi zina, makamaka ku fakitale kapena pokonza makina owonongeka, pulogalamu yaikuluyo imachokera ku kompyuta ina kudzera pa waya. Motero bootloader iyenera kulankhula ndi kachipangizo ka netiweki, ndipo womasulira pakati pa ziwirizi ndi kapulogalamu kotchedwa driver. Kameneka kakalakwitsa, makina amaima asanayambe n'komwe ntchito: nyali zikuyaka, koma intaneti palibe.

Gwero la vuto limodzi lozunguza mutu nali. Kachipangizo ka netiweki sikadikira purosesa, imene ili ubongo wa makina, kuti ilandire uthenga. Driver amangokasonyeza malo m'nkhokwe muja, ndipo iko kamatula kokha timaphukusi ta uthenga, kalikonse ka mabayiti osapitirira 1518 pa waya wamba wa Ethernet. Akatswiri amatcha njirayi DMA. Zili ngati mwini golosale amene wauza wangolo kuti, matumba akabwera, azingotula m'chipinda chakumbuyo osafunsa. Tsono tsiku lina golosale ija yagulitsidwa, mwini watsopano waika mbale zake zadothi m'chipindamo, koma wangolo sanauzidwe. Matumba akubwerabe. Chimodzimodzi bootloader ikasiyira Linux makina isanaimitse kachipangizo kaja: uthenga umatulidwa pamwamba pa malangizo a pulogalamu yatsopano, ndipo makina amagwa.

Choipa chake n'chakuti vutoli silioneka masiku onse. Pa tebulo la injiniya, pamene waya uli zii, makina amadzuka bwinobwino ngakhale kakhumi. Akapita nawo mu ofesi ya makompyuta ambiri, m'mene mauthenga opita kwa onse amayenda kosalekeza, kaphukusi kamodzi kofika pa nthawi yolakwika kakwanira kuwagwetsa. Wosadziwa amaimba mlandu magetsi, kapena Linux imene ilibe chifukwa.

Palinso vuto la cache, kankhokwe kofulumira kamene kali m'kati mwa purosesa. Iko kamasunga zinthu m'mizere, kawirikawiri ya mabayiti 32 kapena 64. Malo olandirira uthenga akapanda kuyambira pa malire a mzere, kapena driver akaiwala kutaya zakale zimene zili mu cache, purosesa imawerenga uthenga wakale nkumauyesa watsopano.

Pofuna kukonza, injiniya amalumikiza kabokosiko ku kompyuta yake ndi waya wa serial, kawirikawiri pa liwiro la 115200, kuti awerenge mawu otsiriza amene makina analemba asanagwe. M'mawuwo mumakhala nambala ya malo pamene purosesa inapunthwa, ndipo akaiyerekeza ndi mapu a pulogalamu amadziwa mzere wokayikitsa. Koma pa vuto la matumba lija nambalayo imanamiza, pakuti imaloza mbale zosweka, osati wangolo. Apa kuyesa kwapafupi kumaposa zida zodula: kuzula waya wa netiweki ndi kuyatsanso makina kambirimbiri. Akaleka kugwa, wolakwa wadziwika. Mankhwala ake ndi mizere yowerengeka chabe: driver aimitse kachipangizo, atsimikize kuti kaimadi, ndipo pokhapo bootloader ipereke makina.

Kugwa kwina kumachokera kunja. Mu 2019 ofufuza a kampani ya Semmle analengeza zolakwika 13 m'mbali ya U-Boot yoona za netiweki, zambiri mwa izo chifukwa pulogalamuyo inkakhulupirira utali umene uthenga wadzinenera wokha, osaupima. Uthenga wopangidwa mwadala ndi munthu woipa ukadatha kusefukira m'nkhokwe, kugwetsa makina kapena kuwalanda kumene. Zolakwikazo zinakonzedwa, koma bootloader ya m'kabokosi kamene kanagulitsidwa kale sisintha yokha. Imadikira kuti wopanga kabokosiko atulutse pulogalamu yokonzedwa, ndi kuti wina aiikemo.